Mkamwini Amene Adapatukira Nyangaimodzi

Kalekale, misewu isanabwere, anthu akuyenda m'tinjira topapatiza, padali munthu wina dzina lake Kamtedza. Sendera kuno umve bwino, iwe Dzoole, popeza nawenso mwezi wamawa ukupita kuchikamwini.

Kamtedza adali mmisiri wosema. Ankasema mitondo, ankasema zipande, ankasema mipini. Khasu lokha ndiye silinkamukonda. Akalima mzere, mzerewo unkakhota ngati ukuthawa galu.

Adakwatira mkazi dzina lake Mwandida, nakakhala kwawo kwa mkaziyo. Awiriwa ankakondana kwambiri. Mwandida akamasinja, Kamtedza ankasema chapafupi uku akuimba, ndipo Mwandida ankaseka mpaka munsi kumupulumuka.

Koma pamudzipo padali apongozi. Dzina lawo a Nankhoma, mayi ake a Mwandida. Adali mayi wamtali, woyenda pang'onopang'ono ngati nthaka yonse ndi yawo. Maso awo sankaphonya kanthu. Nkhuku ya eni ikaikira kuseri kwa nkhokwe, iwo ankadziwa mwini nkhuku asanadziwe.

Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi sankayang'anana. Akakumana panjira, mkamwini ankapatukira kutchire, n'kunjuta, n'kuyang'ana kumbali. Apongozi nawo ankadziphimba nsalu kumaso n'kudutsa. Mawu ankatha kupatsana, koma maso ayi. Kamtedza mwambo umenewu ankausunga kwambiri, moti minga yonse ya m'mbali mwa njira inkamudziwa.

Mudziwo udali ndi chitsime chimodzi chokha. Tsiku lina ana adagenda njoka. Njokayo idakwiya, idapita kukalavulira m'chitsimemo, ndipo palibe adaiona. Madzi adayamba kuwawa. Mwana akamwa, m'mimba. Mbuzi ikanunkhiza, inkabwerera. Amayi adayamba kukatunga kumtsinje wakutali, kuchoka m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka.

Nanga mlandu ukasowa mwini pamudzi, anthu amayang'ana ndani? Amayang'ana wobwera.

A Nankhoma adaitana mwana wawo. Adalankhula mokweza dala kuti mawu adumphe mpanda.

"Mwandida, chitsime ichi ndamwa ine, anamwa amayi anga. Chayamba kuwawa chaka chimene wabweretsa mwamuna wakoyu. Umuuze atenge kasemasema wake azipita kwawo."

Mwandida adalira. "Amayi, munthu ameneyu ndimamukonda. Walakwa chiyani?"

"Chimene walakwa sindikuchidziwa. Chimene ndikudziwa n'choti madzi akuwawa."

Mwandida adagwada, adapempha, adapemphanso. Pamapeto pake a Nankhoma adati:

"Chabwino. Anthu apaulendo amanena kuti kuli nyama ya nyanga imodzi pamphumi, dzina lake Nyangaimodzi. Akuti nyanga yake ikakhudza madzi oipa, madziwo amakoma. Abwere nayo nyangayo mvula isanagwe. Akatero, akhala. Akapanda kutero, asadzapondenso pano."

Adanena choncho podziwa kuti palibe munthu adaigwirapo nyama imeneyo.

Kamtedza adamva zonse kuseri kwa mpanda. Adatenga thumba, adaikamo kasemasema ndi kampeni. Mwandida adamukazingira chimanga cha panjira.

"Amuna anga, mubwere," adatero Mwandida. "Ngakhale chimanjamanja, mubwere ndidzakuoneni."

Kamtedza adanyamuka, mtima uli wolemera. Poyenda ankaimba:

Nyangaimodzi, uli kuti?
Madzi a kwathu akuwawa.
Nyangaimodzi, uli kuti?
Mwandida wanga akulira.

Adayenda, adayenda, adayenda. Adafika padambo pamene mayi wina ankaphika mchere.

"Zikomo amayi. Kodi Nyangaimodzi munaionapo?"

"Ndinaiona ndi maso angawa," adatero mayiyo. "Nditangoiyang'anitsitsa, iyo liwiro. Ndi kambuzi koyera, ndevu mpaka apa, nyanga imodzi pamphumi."

Adajambula ndi chala paphulusa. Kamtedza adadula kamtengo, adasema kambuzi ka nyanga imodzi, adaponya m'thumba.

Adayenda, adayenda, adayenda. Adafika kuphiri kumene bambo wina ankasula makasu.

"Zikomo bambo. Ndikufuna Nyangaimodzi. Amayi ophika mchere padambo akuti ndi kambuzi koyera."

Wosulayo adaseka mpaka kutsokomola.

"Mbuzi? Amayi ajawo utsi unawaononga maso. Ine ndinaiponyera mkondo, n'kuiphonya pang'ono. Ndi chinyama chachikulu, chakuda, chamiyendo yaifupi, m'bale wake wa chipembere. Koma nyanga ndi imodzi, apo sananame."

Adaumba ndi dothi kumuonetsa. Kamtedza adadula mtengo, adasema chinyama chakuda cha nyanga imodzi, adaponya m'thumba.

Adayenda, adayenda, adayenda. Adakumana ndi wamalonda wa nsalu ndi mikanda, wochokera kunyanja yamchere. Kamtedza adamuuza zimene adamva kwa awiri aja. Uyu ndiye adali ndi pakamwa.

"Anthu akumudzi amenewo akudziwa chiyani?" adatero wamalondayo. Adatambasula nsalu yojambulidwa. "Taona apa. Kutsidya kwa nyanja amati ndi hatchi yoyera, ya nyanga yopotana."

"Hatchi n'chiyani?"

"Ndi mbidzi imene anaiwala kuilemba mizere. Akuti nyamayo sigwidwa ndi mlenje. Imabwera yokha kwa namwali wokhala pansi pa mtengo, n'kugoneka mutu pamiyendo pake. Koma anthu a kum'mawa kwenikweni amakana. Iwo amati ili ndi mamba ngati nsomba, mchira ngati wa ng'ombe, ndipo poyenda siponda ngakhale nyerere."

"Nanga inu munaona iti?"

"Ine ndinaithamangitsa ndi ukonde. Ndinaona fumbi. Koma linali fumbi la hatchi, ndikulumbira."

Kamtedza adasema mbidzi yopanda mizere. Adasemanso nyama yamamba. Thumba lidalemera.

Adakhala pansi pa mtengo, adatulutsa tinyama take tonse, adatindandalika. Ka ndevu, kakuda, kopanda mizere, kamamba. Palibe kofanana ndi kanzake, kupatula nyanga. Kamtedza adakanda m'mutu.

"Chabwino," adatero. "Ndiyesa zonse."

Adatchera msampha wa mbuzi, adaikapo mchere. Adakola nungu, ndipo nunguyo idamusiyira minga pamwendo. Adakumba mbuna ya chipembere. Mudagwera njiri, ndipo potuluka idamuthamangitsa mpaka mumtengo. Adavuula madzi a m'dziwe kufuna yamamba. Adatuluka ndi misundu.

Padatsala njira ya namwali. Koma namwali akamupeza kuti m'tchire? Kamtedza adayang'ana uku ndi uku. Adamanga nsalu m'chifuwa, adakhala pansi pa mkuyu, miyendo atatambasula, mutu atapendeketsa mwamanyazi. Munthu wa ndevu zake, iwe. Adadikira tsiku lonse. Kudabwera anyani okha, ndipo adaseka mpaka wina kugwa mumtengo. Kamtedza nayenso adadziseka.

Koma kumwamba mitambo idayamba kusonkhana. Mphepo idasintha, kudayamba kununkhira mvula. Apo kuseka kudatha. Kamtedza adadziwa kuti walephera, ndipo adamva chisoni chachikulu.

"Ndipite ndikamutsanzike Mwandida," adatero.

Adabwerera. Nyimbo yake ankaiimbabe, koma motsitsa.

Atayandikira kumudzi, adafika pamene njira imapapatiza pakati pa nsungwi, pokhota. Adamva mapazi akubwera kutsogolo. Tswa. Tswa. Tswa. Pang'onopang'ono, mosafulumira, ngati nthaka yonse ndi ya mwini mapaziwo.

Kamtedza mtima udangoti phwii. Mayendedwe amenewo ankawadziwa.

"Apongozi," adanong'ona.

Adalumphira kutchire, thumba kugwa, tinyama kumwazika. Adanjuta, adatembenuzira nkhope kunsungwi, adaomba m'manja mwaulemu.

Mapazi aja adafika pafupi. Adaima.

"Zikomo amayi, dutsani," adatero Kamtedza. "Ndabwera chimanjamanja. Ndiloleni ndingotsanzika Mwandida, mawa ndizipita."

Kenaka padamveka mawu, koma sadali a Nankhoma.

"Ukupatukira ine?"

"Inde amayi."

"Ine sindine apongozi ako."

Wina akadacheuka pomwepo. Koma khosi la Kamtedza lidali litazolowera, silidatembenuke. Adangoyang'ana pansi. Ndipo pansipo, pambali pa phazi lake, padagwa chithunzithunzi. Chachitali, chowongoka, chosongoka. Nyanga imodzi.

Kamtedza adanjuta chinjutire, maso ali pansi.

"Bwanji sukundiyang'ana?" idafunsa Nyangaimodzi.

"Kwathu munthu amene timamulemekeza sitimutong'olera maso. Timamupatsa njira."

"Ndayenda maiko onse," idatero nyamayo. "Ndawoloka nyanja, ndakwera mapiri. Aliyense akandiona amatong'ola maso, kenaka dzanja limafuna mkondo kapena ukonde. Ine ndimathawa. Iye amaona fumbi, n'kukawonjezerapo nyama ya kwawo. Wondipatsa njira ndiwe woyamba."

Kamtedza adamva nyamayo ikununkhiza tinyama tija panjira.

"Nanga iti n'tiyani?"

"Ndinu amenewo."

"Ine? Tonseti?"

"Anandiuza anthu amene anakuonani."

Nyangaimodzi idaseka mpaka nsungwi kugwedezeka. "Ndevu. Andipatsa ndevu. Ndipo uyu wandiveka mamba." Idasekanso. Itatha kuseka idati, "Nyimbo yako ndakhala ndikuimva. Ndinakuonanso pansi pa mkuyu uja, koma zimenezo tisakambe. Ukufuna nyanga yanga?"

Chithunzithunzi chija chidasendera. Nyanga idali pafupi, moti akadatambasula dzanja akadaigwira. Kasemasema adali pomwepo paudzu. Kamtedza adaganiza za Mwandida. Dzanja sadalitambasule.

"Ndimaifuna," adatero. "Koma muli nayo imodzi yokha. Ndikaidula, inu mutsala bwanji? Sungani, ine ndizipita kwathu."

"Nyanga yodula ndi ndodo chabe, sikometsa madzi," idatero Nyangaimodzi. "Mawa dzuwa likakwera ndibwera ndekha kuchitsime chanu. Munalavulira njoka mmenemo, iwe ulibe mlandu. Koma umve. Diso limodzi likangondiyang'ana, ndithawa, ndipo sindidzabweranso."

Tswa. Tswa. Tswa. Mapazi adapita.

Kamtedza adatola tinyama take, adathamangira kumudzi. Mwandida atamuona adaponya lichero pansi. Kamtedza adamufotokozera zonse, ndipo Mwandida adazungulira nyumba ndi nyumba kuuza anthu. Onse adavomera kuti adzakhala pansi atafulatira chitsime.

Koma pobwera, nkhope ya Mwandida idali itagwa.

"Amuna anga, onse angathe. Ana tiwagwira kumaso. Koma amayi? Amayi sangathe."

"Tiwatsekere m'nyumba."

"Asuzumira pachitseko."

"Tiwatume kumunda."

"Akwera pachulu."

Kamtedza adaganiza, adaganiza. Kenaka adayamba kumwetulira.

"Asiye abwere," adatero. "Akhale patsogolo penipeni."

M'mawa mwake mudzi wonse udasonkhana. Adakhala pansi, misana kuchitsime, nkhope kumudzi. Amayi adaphimba ana awo kumaso. A Nankhoma adakhala pafupi ndi chitsime kuposa onse, akung'ung'udza.

"Chitsime cha amayi anga, chinthu chilowetsemo mutu ine osaona?"

"Amayi, chonde," adatero Mwandida.

"Ndamva, ndamva. Kodi ndine mwana?"

Dzuwa lidakwera. Mbalame zidaleka kulira. Kenaka, tswa. Tswa. Tswa.

Khosi la a Nankhoma lidayamba kuyabwa. Adalimba mtima, adaluma mano. Koma khosi lidayamba kutembenuka lokha, pang'ono pang'ono, kumanja.

Tsono Kamtedza adali atakaichingamira nyamayo kunjira. Ankayenda pambali pake, maso ali pazala za kumapazi kwake, khutu lili kwa apongozi. Atamva mikanda ya m'khosi mwawo ikuchita phokoso, adatsokomola.

"Zikomo amayi, ndine mkamwini wanu, ndili kumanja kuno."

A Nankhoma asanaganize n'komwe, manja awo adaponya nsalu kumaso. Mwambo udali utalowa m'mafupa. Angayang'ane bwanji kumene kuli mkamwini, anthu onse ali pomwepo?

Adadikira pang'ono. Adasolola nsalu. Khosi lidayamba ulendo wa kumanzere. Mikanda idalira.

"Zikomo amayi, tsopano ndili kumanzere."

Nsalu kumaso.

A Nankhoma adawerama ngati akukanda phazi, kuti asuzumire pansi pa khwapa.

"Zikomo amayi, ndanjuta pansi pano."

Nsalu kumaso.

"Mkamwini ameneyu ali paliponse," adadandaula a Nankhoma m'nsalu muja.

Mudzi wonse mapewa adali kugwedezeka. Anthu ankaluma nsalu kuti kuseka kusatuluke. Wina misozi inkatsika. Koma palibe adacheuka.

Ndipo m'chitsime mudamveka kuti chubwi. Madzi adalira ngati akutakasidwa ndi mthiko. Adaleka.

"Tsala bwino, wopatsa njira," idanong'ona Nyangaimodzi.

Tswa. Tswa. Tswa. Mpaka zii.

Mwandida ndiye adayamba kudzuka. Adatenga chikho, adatunga. Anthu onse adamuyang'ana. Adalawa. Adamwa. Adamwa chikho chonse osapuma, madzi akutsikira m'khosi.

"Amayi, imwani," adatero.

A Nankhoma adalawa ndi nsonga ya lilime. Adamwa. Adapempha chikho china.

Nthungululu idamveka mpaka kuphiri. Ana adawazana madzi, mbuzi zidathamangira kuchitsime, amayi adavina mitsuko ili pamutu. Ali mkati movina, madontho oyamba a mvula adagwa, ndipo palibe adathawira m'nyumba. Mwandida adagwira dzanja la mwamuna wake pamaso pa anthu onse, akuseka uku akulira.

Mvula itakata, a Nankhoma adapha tambala wawo wamkulu. Adatuma Mwandida kukapereka. Iwo adakhala kuseri kwa mpanda, Kamtedza mbali inayo.

"Bambo," adatero a Nankhoma motsitsa mawu, "inu munayenda nayo pafupi. Ndiuzeni ine ndekha, sindiuza munthu. Ndi yooneka bwanji?"

"Sindinaione, amayi. Ndinangoona chithunzithunzi cha nyanga pansi."

"Osaiona? Nanga munaipeza bwanji, pamene alenje analephera?"

Kamtedza adachita manyazi. Adakanda pansi ndi kamtengo.

"Ndinamva mapazi ake panjira, amayi. Ndinayesa ndinu, ndiye ndinapatuka."

A Nankhoma adasendera pafupi ndi mpanda.

"Munayesa ndine?"

"Inde amayi. Imayenda ngati inu."

"Ngati ine?"

"Ndendende."

A Nankhoma adakonza kukhosi.

"Mwandida, nthutumba ija uwapatse bambowa. Ndipo ukawauze anthu kuti mkamwini wanga sapita kulikonse. Mizere yake izikhota choncho, tizidya zomwezo."

Kuyambira tsiku limenelo a Nankhoma adayamba kuyenda pang'onopang'ono kuposa kale. Mlendo akafunsa za Nyangaimodzi, iwo ankati, "Mukufuna kudziwa mayendedwe ake? Taonani." Ankadzuka n'kuyenda pabwalo, mutu uli m'mwamba, mlendo akudikira.

Kamtedza adakalamba pamudzipo ndi Mwandida wake. Anthu ankamupempha kuti aseme nyamayo, koma iye ankasema chokhacho chimene adaona. Pamtondo, nyanga imodzi. Pachitseko, nyanga imodzi. Tinyama tija adapatsa ana ake, ndipo ankakangana tsiku ndi tsiku kuti kenikeni ndi kati.

N'chifukwa chake mpaka lero, ukayenda maiko, upeza Nyangaimodzi yojambulidwa pansalu, pamakoma, pamiphika. Uku ndi hatchi, uku ndi mbuzi, uku ili ndi mamba. Aliyense amalumbira kuti yake ndiyo yoona. Onsewo adaithamangitsa, n'kuona fumbi. Amene adaipatsa njira sadaione, koma ndiye adamwa madzi ake.

Tsono iwe Dzoole, ukafika kwa eni mudziko, usakalowe ndi maso otong'ola ndi manja ofuna kugwira chilichonse. Ukamva mapazi panjira, patuka. Minga ikubaya, inde, koma sudziwa amene akudutsa. Ndipo apongozi ako ukawauze kuti amayenda bwino.

Nthano yanga yafika pachitsime, yamwa madzi, yathera pomwepo.